Mwana wakhoza MSCE ku Mzuzu: alowere njira iti?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, foni yanga siipuma. Ndaphunzitsa ku sekondale muno mu Mzuzu kwa zaka zambiri, ndiye makolo a ana amene anadutsa m'manja mwanga amandiona ngati wodziwa njira. Funso lawo limakhala lomwelomwelo: "Aphunzitsi, mwanayu wapeza mapointi 28. Kodi abwereze?" Ndimayankha mwaulemu, koma mumtima ndimadandaula kuti palibe amene amafunsa kuti kuno kumpoto kukusowa anthu a ntchito zanji. Makolowo sindiwaimba mlandu. Ndife aphunzitsi amene tinawazoloweza kuganiza kuti msewu wochoka ku Fomu 4 ndi umodzi wokha, wopita ku yunivesite, ndipo amene sanaupeze ndiye kuti wagwa.

Taonani mmene timachitira tsiku la uphungu wa ntchito. Timaitana dokotala, loya, wa ku banki, mwinanso mphunzitsi wa ku yunivesite. Amabwera atatchena, amatchula mapointi amene anapeza, ana n'kuwomba m'manja. Pa ana odzaza holo yonse, amene adzasankhidwe ku yunivesite za boma ndi ochepa, ndipo ife timadziwa zimenezo pomwe tikulemba makalata oitanira alendowo. Otsalawo, omwe ndiwo ochuluka, amatuluka osamva kalikonse kokhudza iwo. Kwa zaka zambiri sitinkaganiza n'komwe zoitana munthu wokonza mashini ocheka matabwa, woika sola, kapena woyeza malo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kale sizinali chonchi. Kuno kumpoto anthu amanyadira sukulu, ndipo kunyadako kunachokera ku Livingstonia. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun Institution inkasula aphunzitsi, abusa ndi othandiza m'chipatala, koma inkaphunzitsanso ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu. Wotuluka kumeneko ankalemekezedwa chifukwa cha mutu wake ndi manja ake omwe. Ife tinatola mbali ya cholembera, ya nyundo ndi chopalira matabwa tinaisiya panjira.

Tisanayerekeze njira, tiyambe taona ntchito zimene zatizungulira. Ukatuluka mu Mzuzu kulowera ku Mzimba umadutsa nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, komwe kuli fakitale ya Raiply ndi ocheka matabwa ena. Ukatsetsereka ku Nkhata Bay upeza mitengo ya labala ku Vizara, tiyi ndi makadamiya ku Kawalazi, ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja mpaka ku Chintheche. Khofi wa ku Misuku, ku Phoka ndi m'mapiri a Viphya amadzera mu Mzuzu momwe muno. Ku Rumphi kuli malasha ku Mchenga, ku Karonga kuli mpunga wa Kilombero wa m'masikimu othirira, komanso mgodi wa uranium wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, kenako n'kugulidwa ndi kampani ya Lotus Resources. Mzinda weniweniwu, pa kalembera wa 2018, unali ndi anthu opitirira 221,000, ndipo nyumba zikungomera ku Mchengautuwa, ku Zolozolo, ku Luwinga ndi kulowera ku Dunduzu. Malo onsewa amafuna oyang'anira a digiri, koma owerengeka. Amene amawafuna tsiku ndi tsiku ndi a zamagetsi, okonza mashini, owotcherera zitsulo, oyendetsa mathirakitala ndi zigalimoto zikuluzikulu, a zamipopi, okonza mafiriji, ophika odziwa ntchito yawo ndi alangizi a zaulimi. Funsani kontirakitala aliyense amene akumanga nyumba yosanjikizana m'tauni muno, akuuzani mmene amavutikira kupeza woika matailosi amene sangamuwonongere katundu.

Ndiyambe ndi yunivesite ya boma, chifukwa sindikufuna wina aganize kuti ndikuinyoza. Mwana amene wakhoza bwino, wapeza makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapointi ake ndi otsika ndithu, alembere mosakayika ku NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro a m'mayunivesite. Fizi yake ndi yopepukirapo poyerekeza ndi yunivesite zomwe si zaboma, ndipo ovutika akhoza kupempha ngongole ya maphunziro ku bungwe la boma loona za ngongolezi. Koma apa ndi pomwe uphungu wathu umalephera kachiwiri. Ana onse anzeru amathamangira zamalamulo, udokotala ndi zowerengera ndalama, n'kupanikizana pakhomo limodzi. Pomwe Mzuzu University, imene inayamba kuphunzitsa mu 1999 ku Luwinga, ili ndi maphunziro a zankhalango, za nsomba, zokopa alendo, za mphamvu ya dzuwa ndi mphepo, za madzi, zoyeza malo ndi za maso. Yang'ananinso ndime yapitayi muone mmene maphunzirowa akugwirizanirana ndi zimene zili pakhomo pathu. Ana ambiri amene ndawaphunzitsa amafika Fomu 4 osadziwa kuti kuli digiri yoyeza malo, chonsecho milandu ya malire a maploti siitha m'madera mwathu. Mavuto a njirayi ndi odziwika: zaka zinayi kapena kuposerapo mwana asanayambe kubweretsa kanthu pakhomo, lendi ndi chakudya ngati sanapeze malo ku hositelo, ndiyeno kuyenda ndi envelopu ya khaki m'maofesi akamaliza. Digiri imene siikhudzana ndi ntchito ina iliyonse yooneka imamukakamiza mwana kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukapikisana ndi anzake ochokera m'dziko lonse.

Kubwereza Fomu 4 ndiye njira imene makolo amaikonda kwambiri, ndipo ine ndimaiopa kwambiri. Ili ndi malo ake. Mwana amene anadwala nthawi ya mayeso, amene anaferedwa, kapena amene wakhoza zonse koma Chingerezi kapena masamu zamugwetsa, abwereze kamodzi. Koma mwana amene anawerenga ndi mtima wonse n'kupeza 30, kawirikawiri akabwereza amatsika pang'ono chabe, osafika pomwe mpikisano uli. Ndaonapo mnyamata akubwereza katatu. Ndalama zimene bambo ake analipira pa zaka zitatuzo zikanamugulira mashini owotcherera ndi malo oikapo. Choipa kwambiri si ndalamazo koma mtima wa mwanayo, chifukwa chaka chilichonse ankauzidwa kuti sanakwanirebe, mpaka iye mwini anakhulupirira.

Yunivesite zomwe si zaboma, monga University of Livingstonia ya Sinodi ya Livingstonia imene inayamba mu 2003, zimatsegulira khomo ana amene anakwanitsa makirediti koma sanasankhidwe. Funso lake ndi la thumba. Banja liwerengere zaka zonse zinayi, osati chaka choyamba chokha, chifukwa palibe chowawa ngati kusiyira panjira m'chaka chachitatu ng'ombe zitatha kale m'khola. Palinso timakoleji ta m'tauni tophunzitsa madipuloma a zamalonda ndi zoyendetsa maofesi. Musanalipire kalikonse, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo ndi zovomerezeka ndi NCHE kapena TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso. Safunsa anadya phula. Komanso dzifunseni kuti mu Mzuzu muli maofesi angati ofuna dipuloma yoteroyo, ndipo ndi ana angati amene ali nayo kale.

Unamwino ndi uphunzitsi ndi njira zapakati, ndipo kuno tili ndi mwayi kuti masukulu ake ali pafupi. Pali St John's ndi St John of God mu Mzuzu momwe muno, Ekwendeni College of Health Sciences pamtunda wochepa chabe, ndipo a uphunzitsi wa ku pulayimale ali ndi koleji ya ku Karonga ndi ya Loudon ku Embangweni. Kuti anamwino ndi aphunzitsi akusowa, aliyense amene anagonapo m'chipatala kapena kuona kalasi ya Sitandade 1 akudziwa. Vuto n'lakuti wolemba ntchito wamkulu ndi boma, ndipo boma limalemba ndalama zikapezeka. Takhala tikuona omaliza maphunzirowa akudikira kwa nthawi yaitali asanaitanidwe. Mwana amene ali ndi mtima wosamalira odwala, ndipo sayansi anakhoza, ndimamulimbikitsa ndithu, makamaka ngati ali wokonzeka kukagwira ntchito ku Chitipa, ku Usisya kapena ku Likoma. Amene akungofuna yunifolomu ndi malipiro a pamwezi, ntchito ya usiku m'wodi idzamutopetsa msanga.

Tsopano ndifike pa njira imene ndikuona kuti timaichimwira kwambiri, ya makoleji a ntchito zamanja. Kuno kumpoto kuli Mzuzu Technical College, Livingstonia Technical College, Phwezi ku Rumphi, Miracle ku Karonga, ndi makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015 kuyambira ku Ngara, ku Karonga komweko. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limalengeza malo ophunzira ndipo osankhidwa kudzera kumeneko amalipira zochepa, popeza olemba ntchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandizire maphunziro a luso. Amene sanasankhidwe akhoza kulowa modzilipirira. Maphunziro ake amayenda m'magawo, ndipo wophunzira amasinthanitsa kalasi ndi atachimenti ku kampani kapena kwa mmisiri.

Ubwino wake waukulu ndi woti mwana sadikira kumaliza kuti ayambe kupeza kanthu. Wa chaka chachiwiri cha zamagetsi amakhala atayamba kale kuthandiza kuika mawaya m'nyumba za ku Katawa pa holide. Ubwino wachiwiri ndi woti luso lili ndi makomo awiri: ukhoza kulembedwa ntchito, ukhozanso kudzilemba wekha. Wa digiri ya zamaofesi akasowa ofesi amasowa pogwira, koma wa zamipopi akasowa kampani amakhalabe ndi sipanala yake, ndipo mipopi siisiya kudontha. Ubwino wachitatu, umene makolo ambiri sadziwa, ndi woti njirayi siitsekera yunivesite. Wa satifiketi akhoza kukwera kufika pa dipuloma, ndipo wa dipuloma amene wagwirapo ntchito akhoza kulembera digiri kudzera pa khomo la akuluakulu, kapena kuphunzira ali pantchito. Amafika mochedwerapo, koma amafika akudzilipirira yekha komanso akudziwa chimene akukaphunzira.

Sindikubisirani zovuta zake. Malo othandizidwa ndi TEVETA ndi ochepa poyerekeza ndi ofunsira, ndiye kumenekonso kuli mpikisano. Atachimenti yabwino imavuta kupeza, ndipo wophunzira waulesi akhoza kumaliza ndi pepala lopanda luso kumbuyo kwake. Zipangizo zoyambira ndi zodula, makamaka chichokereni pomwe Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, popeza pafupifupi chitsulo chilichonse chimachokera kunja. Magetsi akazima wowotcherera amakhala pansi tsiku lonse. Palinso kusankha kwa luso lenilenilo. Ukalipentala ndi utelala ndi ntchito zabwino, koma yendani mumsika wa Mzuzu ndi m'misewu ya ku Chibavi muwerenge akalipentala ndi atelala amene alipo kale. Ndikanakhala ndi mwana wa msinkhu umenewu lero, ndikanamuuza aganizire za sola, za mafiriji ndi zoziziritsira, zamagetsi a m'mafakitale, zokonza injini za dizilo ndi mapampu othirira, chifukwa n'zimene mafamu, migodi, zipatala ndi malo ogona alendo amakhala akusaka, nthawi zina mpaka kuitanitsa munthu kuchokera ku Lilongwe. Ndipo mawuwa ndikuuzanso atsikana. Mtsikana amene amakhoza fizikisi tisamukankhire ku utelala ndi zophika basi chifukwa choti ndi mtsikana.

Cholepheretsa chachikulu si fizi, ndi manyazi. Mayi wina wa ku Chiputula, nditamutchulira za koleji ya luso, anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Aphunzitsi, ndavutika ndi geni ya tomato zaka zonsezi kuti mwana wanga adzavale ovolosi?" Ndinamumvetsa. Iye anakulira m'nthawi imene wa tayi ankadya bwino ndipo wa ovolosi ankatumidwa. Ndinangomufunsa kuti, "Mayi, pampu ya madzi ya kutchalitchi kwanu itawonongeka, munadikira masiku angati kuti wokonza abwere, ndipo munamulipira zingati?" Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anaseka n'kunena kuti anadikira sabata ziwiri.

Pali ana ena amene ngakhale fizi ya koleji ya luso sangaikwanitse, kapena MSCE yawo siinayende. Kwa iwo pali njira yakale kwambiri, yophunzira pa garaja kapena pa shedi ya mmisiri. Ndi yotsika mtengo, ndipo mwana amagwira ntchito yeniyeni kuyambira tsiku loyamba, amaphunziranso kulankhula ndi makasitomala ndi kutchula mtengo, zomwe kalasi siiphunzitsa bwino. Koma zonse zimadalira bwana wake. Mmisiri wabwino amafotokoza chifukwa chake akumasula apa osati apo. Wina amangotuma mwana kutsuka zitsulo ndi kukagula chipisi kwa zaka ziwiri, luso lenileni n'kumalibisa poopa kudzalandidwa makasitomala. Kholo lipite lokha likaone, lifunse kuti amene anaphunzira pamenepo kale ali kuti lero. Chinanso, galimoto zamasiku ano zili ndi kompyuta mkati, ndipo wongophunzira ndi maso amafika pomwe amakanika. Vuto lalikulu ndi pepala. Mgodi, esiteti kapena kampani ya madzi siilemba munthu chifukwa choti anthu a ku Masasa amamuyamikira. N'chifukwa chake wophunzira motere asanyalanyaze mayeso a luso otchedwa trade test, omwe amayambira Giredi 3 kukwera mpaka Giredi 1, komanso TEVETA ili ndi njira yoyesa luso limene munthu analipeza pantchito n'kumupatsa satifiketi. Kwa ine, garaja yophatikiza ndi pepala limeneli imaposa kutali dipuloma ya pa koleji yosavomerezeka.

Za ulimi timazitchula mochedwa nthawi zonse, ngati chinthu chochita wolephera zina zonse, chonsecho kuno mvula imagwa bwino kuposa madera ambiri m'dziko muno. Mwana amene kwawo kuli malo ku Misuku, ku Nkhata Bay kapena ku Henga ali ndi chimene anzake a m'tauni alibe. Madipuloma a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR a zothirira, za ziweto ndi za mbewu zamasamba ndi zipatso amagwirizana ndi zosowa za alimi a khofi, a mpunga ndi a ng'ombe za mkaka ozungulira Mzuzu. Koma ulimi wopanda mpamba ndi msika ndi ukapolo, ndiye ndimalangiza njirayi pokhapokha banja lili ndi malo ndipo lili lokonzeka kumupatsa mwanayo gawo lake lenileni, osati kumusandutsa waganyu wa bambo ake.

Ya ku Joni sindingailumphe, chifukwa ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay ndiyo uphungu umene anyamata amaumva kwambiri, ndipo umabwera ndi umboni wa nyumba za malata. Ndinganene chimodzi chokha: wopita ndi luso ndi pepala amakagwira ntchito ina, wopita ndi MSCE yokha amakagwira ina, ndipo wopita popanda zikalata zoyenera amakhala mwamantha tsiku lililonse.

Ndiye kholo likandiimbira za mwana wa mapointi 28, masiku ano ndimayamba ndi mafunso anga. Kodi mwanayu akakhala pakhomo amakonda kuchita chiyani osatumidwa? Wailesi ikafa amaitsegula, kapena amathawira ku buku? Banja lingakwanitse kulipira kwa zaka zingati popanda kugulitsa munda? Akufuna kukhala kuno kumpoto kapena mtima wake uli kwina? Wa mapointi otsika kwambiri ndimamutumiza ku yunivesite, koma ndimakhala naye pansi kuti pa zosankha zake aikepo maphunziro amene ali ndi ntchito yooneka. Wapakati, amene ndiwo ambiri, ndimamuuza mosapita m'mbali kuti koleji ya luso imuchitira zambiri kuposa chaka china mu Fomu 4. Amene akufuna kubwereza uku akuphunzira luso ndimamuchenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhe chimodzi achigwire ndi manja awiri.

Chaka chatha ndinapempha ahedi kuti pa tsiku la uphungu tiwonjezere mlendo mmodzi. Anabwera mtsikana amene ndinamuphunzitsa kale, amene tsopano amaika sola m'zipatala zazing'ono ndi m'nyumba za anthu mpaka ku Rumphi. Sanatchule mapointi ake. Anatulutsa mita yoyezera magetsi m'chikwama, n'kuitana mtsikana wa Fomu 3 kuti adzayeze batire pamaso pa anzake. Nthawi ya mafunso itakwana, manja ambiri analoza kwa iye: anaphunzira zaka zingati, zipangizo anazipeza bwanji, kodi padenga saopa. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene chaka chonse sanayankhulepo m'kalasi mwanga, anafunsa ngati angapite naye ku ntchito pa holide. Anamuuza kuti abwere ndi kalata ya makolo ndi nsapato zotseka.